Dimba la pa Khomo, Sukulu ya Mtima

Iripo nthenda imodzi imene sing'anga wa ku cipatala sakhoza kuipeza ndi zipangizo zace, ngakhale yagwira anthu ambiri, akuru ndi ana omwe. Wodwala nthendayi ayenda bwino, nagwira nchito monga anzace. Koma thupi lace liri pano, mtima wace uli kwina. Atsiriza mbale ya nsima osadziwa ngati ndiwo zinali ndi mcere. Mwana wace amfunsa kanthu, iye nabvomera ndi mutu, osamva cimene wabvomera. Tsiku la Sabata akhala m'nyumba ya Mulungu, milomo iri kuyimba, koma mtima uli ku msika kuwerenga ngongole. Pogona adandaula za dzulo, podzuka aopa za mawa. Ndipo tsiku la lero, limene lokhalo laikidwa m'manja mwace, lipita osalilawa. Za munthu wotere akuru amati mtima wace suli m'malo.

Nthendayi si ya lero, pakuti mtima wa munthu ngwoyendayenda kuyambira kale. Koma m'masiku athu ano yapeza zoidyetsa zambiri. Mitengo ya zinthu siikhazikika: mu November 2023 ndalama yathu ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 tsiku limodzi, ndipo mai ali yense wopita ku msika anamva kuwawa kwace. Lamya ya m'manja nayo yalowa m'nyumba zathu, niitana mwini wace usana ndi usiku, kumuonetsa mikangano ya anthu osawadziwa ndi cuma ca eni cimene sadzacigwira. Sitinena kuti lamya njoipa, pakuti itumikira odwala ndi a paulendo. Tingoti mtima wokokedwa uku ndi uku tsiku lonse uiwala njira ya kwao.

Tsono funso lathu ndi ili: kodi munthu akaphunzire kuti kubweza mtima wace kumene kuli thupi lace? Ena adzayankha msanga kuti, M'pemphero. Ndipo anena zoona. Koma ali yense amene anagwadapo adziwa kuti mtima wozolowera kuthamanga suima cifukwa maondo agunda pansi. Ufuna kuzolowezedwa pang'ono pang'ono, monga ng'ombe yaing'ono izolowezedwa goli. Ife tiyesa kuti mwa sukulu zonse zophunzitsa mtima kukhala m'malo, palibe yapafupi ndi yosalipira monga kadimba ka ndiwo za masamba kuseri kwa nyumba. Tifuna kuonetsa umo kadimbako kaphunzitsira, ndi pamenenso kakhoza kusokeretsa mwini wace.

Khasu linatsala kuti?

Tilemba mau awa tiri ku Kaning'ina, kum'mawa kwa mzinda wa Mzuzu, kumene mseu uyamba kulunjika ku Nkhata Bay. Pafupi nafe pali mapiri ndi nkhalango imene boma linaipatula m'caka ca 1935 kuti isungike. M'menemo mucokera madzi a mtsinje wa Lunyangwa, amene asonkhana m'damu namwetsa mzinda. Mzuzu si mudzi wakale. Unayamba kukula kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, pamene anadza obzala minda ya mitengo ya tung, ya mafuta opangira utoto. Minda ija inatha, koma anthu anatsala. M'caka ca 1985 malowa anakwezedwa kukhala mzinda, ndipo pa kalembera wa 2018 anawerengamo anthu 221,272. Ambiri a iwo, kapena makolo ao, anacokera ku midzi ya ku Mzimba, ku Nkhata Bay, ku Rumphi, ku Karonga, ku Chitipa ndi kwina, kumene kunalibe nyumba yosadziwa khasu.

Mlengi anapatsa dera lino mvula yambiri ndi mphepo yozizira, zimene masamba azikonda. Koma taonani makomo ambiri: bwalo losesedwa bwino, kuseri kuli udzu ndi zinyalala, osaonekapo ngakhale tsinde limodzi la mpiru, ndipo mai ayenda ulendo kukagula kamtolo ka mphangwe, monga anena eni dziko lino m'Citumbuka, kofota kale. Izi siziri ku Mzuzu kokha. Ngakhale m'midzi, kumene malo ngambiri, ziripo nyumba zimene zidya masamba pa dzinja pokha, ndi kusauka ndiwo malimwe onse.

Muzu wa cinthu ici ndi manyazi. Lalowa ganizo lakuti wophunzira agwire colembera, khasu likhale la amene sukulu inawakanika. Ndipo m'sukulu zambiri khasu lasanduka cibalo ca mwana wocedwa kapena waphokoso. Nanga mwanayo akakula adzalikonda bwanji cinthu cimene anamlanga naco? Oyamba kutiphunzitsa sanatero. Pamene Dr. Robert Laws anakhazika Livingstonia pa Khondowe m'caka ca 1894, sanaika buku lokha m'manja mwa ophunzira. Anaikamonso khasu ndi zipangizo za amisiri. Sukulu ya Jeanes ku Domasi nayo inali kulandira mphunzitsi pamodzi ndi mkazi wace, kuti pobwerera ku mudzi akaonetse ndi manja ao nyumba yaukhondo ndi dimba losamalika. Koposa zonsezi, Buku Loyera litiuza kuti malo oyamba a munthu anali munda, ndi kuti nchito ya kuusamalira inaperekedwa chimo lisanalowe m'dziko. Cimene cinadza ndi chimo ndi minga ndi kulema. Kulima kweni kweniko ndi mphatso.

Phunziro loyamba: kupenya

Munda waukuru wa cimanga munthu auona ciriri, ali ciimire pa mphepete. Dimba la pa khomo silitero. Lifuna kuti mwini wace awerame, napenye cimodzi cimodzi.

Talingalirani munthu wolowa m'dimba lace m'mawa, mame asanakamuke. Akangoyang'ana pamwamba, mpiru wonse uoneka wabwino. Koma akatembenuza tsamba adzapeza kunsi kwace tinsabwe taunjikana. Lero ntocepa, akhoza kutifinya ndi cala kapena kutitsuka ndi madzi a sopo. Akapita osatembenuza tsambalo, pakutha pa sabata masamba onse akwinyika. Apeza mmera umodzi wagona, wodulidwa pa tsinde monga ndi mpeni. Wopupuluma angoti, Tsoka. Koma wodekha afukula ndi cala m'mbali mwace, napeza mbozi yotuwa itadzipinda m'dothi, kulindira usiku kuti idule wina. Masamba a m'munsi akacita cikasu, mbeu iri kunena kuti iri ndi njala ya manyowa. Ikafota masana ndi kutsitsimuka madzulo, palibe mlandu, ndi dzuwa cabe; koma matimati akafota m'mawa nthaka iri yonyowa, nthenda iri ku mizu, ndipo tsindelo liyenera kuzulidwa lisanapatsire anzace. Kuno kumene nkhungu ndi mvula yowaza zikhala masiku angapo, ciwau cigwa msanga pa matimati. Cifukwa cace wodziwa athirira pa tsinde, osanyowetsa masamba. Ndipo kuyambira ca m'ma 2016 kwafika m'dziko muno kambozi kacilendo, Tuta absoluta, kamene kalowa m'kati mwa tsamba la matimati, kusiya mabanga oyera. Wosapenya pafupi akazindikira zipatso zitabooka kale.

Zonsezi sizifuna nzeru ya m'mabuku akuru. Zifuna maso ndi mtima zikhale pa malo amodzi. Simungathe kuona nsabwe kunsi kwa tsamba mtima uli ku Johannesburg kwa mwana amene sanatumize ndalama. Dimba liitana mtima kuti, Bwera kuno, taona ici. Ndipo mtima ukabwera m'mawa uli wonse, uyamba kuzolowera kubwera. Makolo anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo m'dimba mwambiwu uoneka ndi maso.

Phindu lace silithera pa mpanda. Bambo amene waphunzira kutembenuza tsamba adzaona kuti mkazi wace wakhala cete masiku atatu, nadzafunsa mkwiyo usanakule. Mai wotere adzaona kuti maso a mwana ayera, asanagwe pa mphasa. Mkuru wa mpingo wotere adzaona mpando wopanda munthu Sabata laciwiri, osalinda caka. Ndipo munthu wotere adzayamba kutembenuzanso masamba a mumtima mwace. Pamwamba tonse tiri obiriwira. Koma kaduka kakang'ono, kabodza kakang'ono, kacizolowezi ka kunena za anzathu, zikhala kunsi kwa tsamba, ndipo nzosabvuta kufinya zikali zocepa.

Phunziro laciwiri: kulindira

M'dimba ciri conse ciri ndi nyengo yace, ndipo palibe coipatsa kuti cifulumire. Mbeu ya mpiru imera asanathe masiku 7. Mmera ukhala pa nazale masabata atatu kapena anai usanaokedwe. Bonongwe athyoledwa patapita mwezi. Matimati afuna miyezi itatu kapena kuposa. Mfumu ndi mphawi alindira masiku omwewo. Wofulumira kuokera mmera wanthete pa dzuwa la masana adzaupeza utafa. Wodekha aokera madzulo, nauphimba ndi tsamba, naubzala kamodzi kokha.

Koposa zonse manyowa ndiwo aphunzitsa kulindira. Munthu atola zimene ena ataya, mapesi, udzu, masamba, zitosi za nkhuku, ndowe ndi phulusa. Aziyala mosanjikiza, nawaza madzi, namata muluwo ndi dothi monga aphunzitsira alangizi pa manyowa a cimato. Atatero palibenso cocita koma kulinda miyezi iwiri kapena itatu, pamene tizirombo tosaoneka ndi maso tiri kugwira nchito m'katimo. Potsegula apeza dothi lakuda, lofewa, lopanda pfungo loipa. Nthaka yofiira ya kuno, imene mvula yambiri yaitsuka, idzuka nayo manyowa otere.

Taonani tsono umo anthu aonongekera cifukwa ca kukana kulindira. Mnyamata aponya ndalama ya sukulu pa juga ya mpira, kufuna kukolola madzulo cimene wafesa m'mawa. Bambo atenga katapila kuti agule lero cimene akadagula mwezi wa mawa, nagulitsa njinga kubweza ciongola dzanja. Lero lomwe linadetsa mnthengu. Koma mwana amene wathirira bedi lace masiku 30 asanalawe tsamba limodzi, waphunzira m'manja mwace momwe kuti zabwino zibwera ndi masiku.

Tisasokoneze kulindira ndi ulesi. Dimba silimva zifukwa. Mphunzitsi akhoza kunyengedwa, kapitao akhoza kunyengedwa, koma bedi limene silinathiriridwe masiku atatu a mwezi wa October linena zoona pamaso pa onse opita m'njira. Zengerezu adalinda kwaukwau. Kulindira kwa wolima ndiko kucita ca lero lero lomwe, ndi kusiya ca mawa cidze mawa.

Phunziro lacitatu: kusapeputsa ca pafupi

Ambiri poyamba dimba athamangira kugula mbeu za m'mapaketi, kabici, repu ndi anyezi, ndipo nzabwino. Koma popalira azula bonongwe, luni ndi cisoso, zimene zamera zokha, naziponya kunja monga udzu. Apa pali cinsinsi ca mtima wobalalika: uyesa ca mtengo wapatali ndi ca kutali, ca pa khomo nucipeputsa. Coonadi ncakuti tsamba lobiriwira kwambiri, monga bonongwe, luni, nkhwani, citambe, kholowa ndi cigwada, liposa mutu woyera wa kabici pa zoonjezera mwazi ndi pa vitamini A, amene asunga maso ndi kulimbitsa thupi pa matenda. Ndipo masamba athuwa apirira dzuwa ndi tizirombo, osalira mankhwala ambiri.

M'zaka za 1938 ndi 1939 Dr. B. S. Platt ndi anzace anakhala m'midzi ya dziko lino kufufuza zimene anthu adya. Mmodzi wa iwo, Jessie Williamson, anasonkhanitsa maina ndi nchito za zomera zathu, ndipo buku lace linaturuka m'caka ca 1955. Nzeru zambiri za ndiwo zolembedwa m'menemo zinacokera kwa amai a m'midzi. Kodi si camanyazi kuti mlendo anaona kuti nzoyenera kulembedwa, pamene adzukulu a amai aja saziyesa zoyenera kuphikira mlendo? Tikumbukirenso kuti cimanga, nyemba, maungu, mbatata, cinangwa ndi matimati zinacokera kutsidya la nyanja, ku America. Koma khobwe, mapira ndi mawere nza Africa muno kuyambira kale. M'dimba mlendo ndi mwini mudzi amera bedi limodzi osakangana, ndipo wanzeru alandira onse.

Nkhaniyi si ya kukoma kwa pakamwa pokha. Pa kufufuza kwa boma kwa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 osakwana zaka zisanu m'Malawi, 37 anali opinimbira. Zifukwa zace nzambiri, koma cimodzi ndi mbale ya nsima yaikuru ndi ndiwo zocepa za mtundu umodzi. A ku cipatala ca Ekwendeni, pafupi ndi ife, ataona ana onyentchera akubwera caka ndi caka, anayamba m'caka ca 2000 kugwirizana ndi alimi a m'midzi kubzala nandolo, mtedza ndi soya pamodzi ndi cimanga, kuti nthaka idye, ana adyenso. Zulani tsinde la nyemba kapena la mtedza, mudzaona timaphundu ku mizu yace. M'menemo mukhala tizirombo totenga cakudya ca mbeu mumpweya ndi kucisiya m'nthaka. Cifukwa cace bedi limene munali nyemba libala bwino masamba pambuyo pace.

Kupenya kumeneku kufike ndi ku mphika. Masamba ophikitsa, kapena othira soda ndi cidulo, ataya gawo la mphamvu yao. Koma otendera nsinjiro, kapena othira mafuta pang'ono, athandiza thupi kulandira vitamini A. Ndipo pamene nkhwani ndi citambe zacuruka, mai wanzeru afutsa, nayanika pa mthunzi, nasunga mfutso m'cikwatu ca masamba a msuku monga anacitira agogo ace. Munthu amene anafesa, nathirira, nathyola, sangameze ndiwo zace osazimva; ndipo pemphero lace la pa cakudya lileka kukhala mau oloweza, pakuti adziwa cimene ayamikira.

Phunziro lacinai: kudziwa polekeza mphamvu zathu

Wolima akumba, athira manyowa, afesa, naphimbira. Koma usiku, iye ali m'tulo, mbeu iphulika m'nthaka popanda dzanja lace. Sakhoza kupanga tsamba limodzi. Ndipo tsiku lina matalala agwa, kapena mbuzi ya mnansi iboola mpanda, kapena mbala ithyola usiku, ndipo nchito ya mwezi itha m'kanthawi. Pamenepo aphunzira kuti nchito iri ndi magawo awiri, lace ndi la Mulungu. Nkhawa zambiri zimene zibalalitsa mtima zidza cifukwa munthu asiya gawo lace, nasenza la Mulungu: aleka kupalira lero, nakhala pa khonde kudandaula ngati mvula idzagwa caka ca mawa. Dimba libweza katundu ali yense kwa mwini wace. Bedi likaonongeka, wolima adandaula pang'ono, natenga mbeu imene anasunga m'kabotolo, nafesanso. Kufesanso kumeneko ndiko cikhulupiriro cobvala thupi.

Pamene dimba liyesa mwini wace

Tisanamize owerenga athu kuti ali yense wogwira kheni asanduka woyera mtima. Dimba lomwelo lokhoza kukhazika mtima likhozanso kuukulitsa umbombo, ndipo mayeso ace ngatatu.

Loyamba ndi mankhwala. Pa botolo liri lonse la mankhwala ophera tizirombo palembedwa masiku oyenera kulindira munthu asanathyole. Koma alipo opopera madzulo ndi kunyamula dengu m'mawa kunka ku msika, cifukwa masamba opopera aoneka osalala, ogula nawathamangira. Alipo ena osunga bedi losapopera la ana ao, ndi lopopera la ana a eni. Wogula saona, wa boma saona. Koma wolima adziwa, ndi Mulungu adziwa. Mkristu wocita ici angayimbe bwanji tsiku la Sabata pamodzi ndi mai amene anamgulitsa masambawo? Ziripo njira zina zoyamba nazo: kufinya ndi manja, phulusa, madzi a sopo, ndi madzi a masamba osinja a mthuthu, umene kuno auti mtetezga. Koma ngakhale mthuthu upha nsomba, ndipo madzi ace asatayidwe mumtsinje. Wogula mankhwala a m'sitolo awerenge masiku, nawasunge monga asunga lonjezo.

Laciwiri ndi mtsinje. Pofuna cinyontho anthu alima kufikira pa mlomo weni weni wa madzi, nadula bango ndi mitengo yogwira gombe. Mvula ikadza, nthaka ija ikokoloka, madzi afiira, matope nadzaza mumtsinje. Ndipo a kumunsi alandira matope m'malo mwa madzi. Wolima wamaso asiya mpata pakati pa bedi ndi madzi, nabzalapo udzu wa vetiva, nsenjere kapena nthoci.

Lacitatu ndi nkhalango. Mpanda ufuna mitengo, matimati afuna zogwiriziza, ndipo phiri la Kaning'ina liri pafupi. Munthu ati, Timitengo khumi tokha. Mnzace atero, ndi woocha makala atero. Koma mitengo imeneyo ndiyo igwira mvula kuti ilowe pansi, ituruke pang'ono pang'ono m'akasupe mpaka malimwe, ndi kusunga damu lingadzale matope. Wodula phiri kuti amange dimba aumitsa citsime cimene adzathirira naco. Abzale nsungwi zace pa malire, nacinge ndi mapesi kapena mpanda womera.

Apa ndipo tisiyanitsa mtima wokhazikika ndi mtima wodzikonda. Mtendere umene uthera pa mpanda wa mwini wace, osasamala amene adzadya masambawo kapena kumwa madziwo, ndi cikome kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Maso amene dimba latsegula ayenera kuona ndi mnansi yemwe. Ndipo dimba lipatsa ngakhale wosauka kanthu ka kupatsa. Nazale imodzi ibala mmera woposa bedi la mwini wace. Wotsalawo apatse wamasiye wa pafupi. Wopita kukazonda wodwala asapite cimanja manja ponena kuti alibe ndalama. Mtolo wa nkhwani ulankhula. Kupatsa nkuika.

Zokana zitatu

Wina adzati, Ife tikhala nyumba ya lendi, tiribe malo. Tiyankha kuti thumba lakale lodzala dothi ndi manyowa, lobooledwa m'mbali, lisenza matsinde angapo a mpiru. Cidebe cobooka ndi beseni losweka zitero. Ndipo madzi otsukira mpunga kapena mbatata akwanira kuzithirira. Tsiku losamuka, dimba lotere lisamuka ndi mwini wace.

Wina adzati, Imeneyo ndi nchito ya akazi. Tiyankha kuti mai wa pa khomo wasenza kale madzi, nkhuni, mphika ndi mwana. Bambo amene awerenga mau awa, napita kukauza mkazi wace kuti alime dimba, iye nakhala pa mpando ndi lamya, sanamve kanthu. Mankhwala saciritsa munthu pomwedwa ndi mnzace. Bambo akumbe, anyamata atunge, atsikana afese, ndipo ali yense akhale ndi bedi lace.

Wacitatu adzanena mau olemera koposa: Mtima wokhazikika ngwa okhuta; ife a njala tipatseni cimanga. Mau awa sitiwapeputsa. Dimba la pa khomo silidzaza nkhokwe, silitsitsa mtengo wa feteleza, ndipo silicotsa mangawa a olamulira pa anthu ao. Koma ndalama imene ikadagula masamba tsiku ndi tsiku ikhoza kugula mcere, sopo ndi kope la mwana. Ndiponso wosauka ndiye afuna mtima wokhala m'malo koposa wolemera. Pakuti wolemera akalakwa m'kupupuluma ali ndi pogwera, koma wosauka akagulitsa cimanga cace ciri m'munda cifukwa ca mantha a tsiku limodzi, alira caka conse.

Tiyambe bwanji?

Tiyambe pang'ono. Wolima mabedi khumi sabata loyamba adzawasiya onse sabata lacitatu. Bedi limodzi likwanira, phazi limodzi lalikuru m'mimba mwace ndi atatu m'litali, pa malo ofika dzuwa la m'mawa, pafupi ndi khomo kuti maso aligwere poturuka ndi polowa. Tilikumbe mozama, tisakanize manyowa okupsa, ticinge nkhuku, tiphimbire ndi udzu wouma kuti cinyontho cikhale. Tifese za kwathu pamodzi ndi za m'sitolo, ndipo tsinde limodzi labwino tilisiye likhwime, likhale mbeu ya caka ca mawa.

Polowa m'dimbamo lamya itsale m'nyumba. Tisanagwire kheni kapena khasu, tiyambe taima ndi kupenya, kutembenuza tsamba, kupisa cala m'dothi. Pothirira tingothirira, osaweruza milandu ya dzulo m'mutu. Mtima ukathawa, tiubweze pa madzi alikulowa m'nthaka, monga mbusa abweza mbuzi, wosapsa mtima, kawiri ndi katatu. Tikatero kwa mwezi umodzi tidzaona kuti pogwada kupemphera mtima sucedwa kufika, popeza wazolowera kuitanidwa.

Aphunzitsi anzathu, lekani kulanga ana ndi khasu. Apatseni bedi, ndipo zobala zace adye okha. Akuru a mpingo, poyendera nkhosa zanu funsani za moyo wa mzimu, nimupenyenso kuseri kwa nyumba. Amai a mvano ndi a umanyano, gawanani mbeu ya luni ndi ya bonongwe monga mugawana nyimbo. Mulungu watipatsa nthaka, mvula ndi tsiku la lero. Tiyeni tikhalepo ndi mtima wonse pamene Iye watiika.